Tsiku Limene Kwaya Inapita Kumalichero

Ndagi yanga nayi, woigwira aigwire: mlendo uyu alibe katundu, sadya, sapempha madzi. Koma ukafuna kumupirikitsa, uyenera kuyamba wamuitana. Ndani? Mwalephera? Ng'ombe zanu sungani, lero sindizifuna. Tiyeni tingokwera kosita ya kwaya, tikhale kumbuyo kwa Enelesi, yankho tikalipeza pamwamba pa phiri.

Enelesi, Nambewe kumtundu, anakwatiwa ndi a Damiyano, telala wa pa msika wina kumapiri a ku Ntcheu. Tsiku lolowa m'nyumba anapeza kuti mwini nyumbayo sanatulukemo. Inde, Likisina, mkazi woyamba wa a Damiyano, anali atamwalira zaka ziwiri m'mbuyomo, anaikidwa, nkhata za pamanda zinafota. Koma sutikesi yake inali pamwamba pa wodilopu. Kapu yake yobenthuka mlomo inali m'kabati, yosagwiridwa ndi munthu. Yunifolomu yake ya kwaya inkalendewera kuseri kwa chitseko, ndipo munthu akatsegula inkagwedezeka ngati ikufuna kuona walowayo. Panalinso mwana wake, Zaithwa, wa zaka zisanu, wa mano otalikirana ngati a mayi ake, amene ankamutcha Enelesi kuti anti.

Kumusambitsa, anti. Kumuluka tsitsi, anti. Kumubereka mpaka kuchipatala malungo atamugwira, anti basi. Msika wonse unkati bambo a Zaithwa, nayenso Enelesi ankawaitana choncho, pakuti mkazi waulemu satchula dzina la mwamuna wake. Koma munthu akati mayi a Zaithwa, aliyense ankadziwa kuti akunena wa kumanda uja. Nsanje ya Enelesi inali yosowa poitula. Mkazi mnzako wamoyo umakumana naye pa mjigo, umamupambana pophika, umadikira kuti akalambe. Nanga wakufa? Wakufa sapsereza ndiwo. Wakufa sadzuka ndi nkhope yotupa.

Chinali chitatsala chinthu chimodzi. Mwamuna akaferedwa, akuchikazi amayenera kumusudzula, kumumasula pamaso pa anthu kuti mwana wathu anapita, inu kayambeni moyo wina, katundu wa malemu n'kubwerera kwawo. A Damiyano anali atazengereza kawiri. Koyamba ati mvula, kachiwiri ati mayunifolomu a ana asukulu achuluka. Tsopano tsiku linaikidwa Loweruka la sabata yotsatira, ndipo malume ake a Enelesi anali atalankhula mosapsatira: "Akapanda kupita ulendo uno, ndibwera ndekha kudzakutenga. Sitinakupereke kuti uzikasesa nyumba ya mnzako."

Kutatsala sabata imodzi, kwaya ya kutchalitchi kwawo inanyamuka ulendo wokaona Kumalichero. Amenewa ndi malo ofufuzirako za kuthambo, pamwamba pa phiri la Kamphande. Dzina lake lenileni n'lalitali, la Chingerezi, koma anthu anangoti Kumalichero chifukwa cha zimbale zitatu zoyera zimene zimayang'ana kumwamba ngati malichero oyanikidwa. Kamodzi pamwezi amatsegulira anthu wamba. A Damiyano, oimba besi m'kwayamo, analembetsa anthu atatu, n'kumusokera Enelesi diresi yatsopano yachikasu. Enelesi sankaimba, mawu ake ankathawa nyimbo ngati mbuzi yodula chingwe, koma m'mawa umenewo anadzola mafuta mpaka m'zigongono, nati mumtima: lero andiona, mwamunayu akundiyendetsa ine.

Atasiya tala n'kuyamba kukwera msewu wafumbi, anapitirira mayi wina akuyenda m'mbali. Analibe mtolo pamutu, analibe mwana kumsana, anangofunda chitenje chabuluu mpaka kumutu ngakhale dzuwa linali litayamba kale kuswa mtengo. Dalaivala anaimba hutala. Mayiyo sanacheuke, sanapatuke, fumbi linangomukwirira. Kosita inakhota kanayi, ikulira ndi chitunda. Pafupi ndi mlatho wamatabwa anamupitiriranso.

"Si yemwe uja ameneyu?" anafunsa Enelesi.

"Zitenje zabuluu zinatchipa chaka chatha, mwanawe, dziko lonse linavala," anatero mayi Nachisale, tcheya wa kwaya, mayi wa pakamwa posatseka. "Kapena ukufuna boma lilembe kuti chabuluu azivala munthu mmodzi pa phiri?"

Anthu anaseka. Koma dalaivala ulendo wachiwiriwu sanaimbe hutala, ndipo anatsitsa wailesi. Zaithwa anagwada pampando, mphuno itakanikiza galasi la kumbuyo, mpaka msewu unakhota.

Pa geti mlonda analowa m'kosita n'kuwerenga mitu ndi cholembera. "Mulipo 24."

"Tilipo 23, achimwene," anatero mayi Nachisale. "Ndawerenga ndekha ponyamuka, ndi dalaivala yemwe."

Mlonda anawerenganso kuyambira kumbuyo. "24, mayi."

"Ndiye mwawerenga ndi wa m'mimba mwa Esinta! Kapena Nambewe watibisira kanthu m'diresi yachikasuyo?"

Kosita inagwedezeka ndi phwete. Enelesi anaseka nawo ndi mano okha, pakuti chaka chinali chitatha ali m'banjamo popanda chobisa. Mlonda anapereka timakadi tokoloweka m'khosi, tolembedwa kuti mlendo, nachenjeza kuti wopanda kakadi salowa m'nyumba iliyonse. Timakadito tinayenda dzanja ndi dzanja mpaka kumbuyo. Enelesi anadikira kuti kamodzi katsale, kabwerere kwa mlonda. Sikanatsale.

Wowaonetsa malo anali a Msukwa, bambo wamtali wa kumpoto, wolankhula Chichewa chofewa ngati akuopa kuchiswa. Anawalowetsa m'holo yozizira. Munali roketi yachitsanzo yofika kudenga, ndi mwala wakuda umene anati unagwa kuchokera kuthambo. Azibambo a besi anayesa kuunyamula, n'kumanyozana kuti mphamvu zinathera pa kuimba. Pakona panaima chovala cha anthu opita kumwezi, choyera, chotupa, chopanda munthu mkati, kumaso kwake kuli galasi lagolide.

Enelesi anaima patsogolo pa galasilo kuti aone diresi yake. Inamukhala bwino, chiuno chikuoneka. Kumbuyo kwake m'galasimo munali holo yonse itapindika: a Damiyano atawerama kuwerenga chikwangwani, Zaithwa ali chapatali pang'ono. Pakati pa awiriwo panali phewa la munthu. Phewa lokha, ndi nsonga ya nsalu yabuluu, zina zonse zitabisika kuseri kwa mutu wa Enelesi mwini. Anapendeketsa mutu kuti aone bwino, phewalo linapendekeka naye. Anatembenuka. Pakati pa bambo ndi mwana panali simenti yokhayokha, yopukutidwa bwino. Koma Zaithwa anali atakweza dzanja limodzi m'mwamba pang'ono, zala zitapinda, momwe mwana amagwirira chitenje cha munthu wamkulu pa msika.

"Zaithwa, bwera undigwire dzanja, ungasowe."

"Sindisowa, anti."

Atachoka m'holomo, a Msukwa anawatengera m'nyumba yozungulira ngati nkhokwe, yopanda zenera, denga lake ngati mphika wovundikira. "Muno timapanga usiku masanasana," anatero. Mipando yake inali yodzipinda yokha, ukangodzuka imati phwa kutsekeka. Enelesi anafulumira kukhala kumanja kwa mwamuna wake. Zaithwa anapita kumanzere, koma anadumpha mpando umodzi.

"Sendera kwa bambo ako," anatero Enelesi.

"Pano mpabwino."

Magetsi anazima. Azimayi anakuwa mwachibwana, wina anati aliyense agwire chikwama chake poti m'kwayamo si onse anatembenuka mtima. Mu mdimawo Enelesi anamva mpando ukulira, kwiii, pang'onopang'ono, momwe umalirira munthu akamakhala mosafuna kusokoneza anzake. Kenako denga linayamba kumera nyenyezi, imodzi, khumi, mpaka zosawerengeka, ndipo kwaya yonse inati haa.

A Msukwa analoza ndi kadontho kofiira nyenyezi ina yowala kwambiri. "Iyi mukuidziwa?"

"Nthanda imeneyo, mkazi wa mwezi," anatero mayi Nachisale. "Alipo awiri. Wa kum'mawa amamumana chakudya mpaka mwezi kuwonda ngati chikwakwa. Wa kumadzulo amamudyetsa mpaka kudzaza thambo."

"Makina athu amati ndi imodzi yomweyo, mayi. Imangosintha mbali."

"Hii! Ndiye kuti mwezi umapusitsidwa ndi mkazi mmodzi zaka zonsezi? Amuna inu!"

"Bambo a Zaithwa," anaponya mawu wina kumbuyo, "inu muli kum'mawa kapena kumadzulo?"

Anthu anafa nacho chiseko. Enelesi anatentha m'makutu, pakuti ankadziwa kuti mathalauza awo onse a Damiyano anali atawabweza m'chiuno okha pa makina, mwakachetechete, chilowereni iye m'nyumbamo. Anatembenuka kuti awayang'ane. M'kuwala kochepa kwa nyenyezi zonamazo anaona kuti mpando wa pakati uja watseguka, watsika, ngati wasenza munthu. Zaithwa anali atatsamiritsa mutu cham'mbali, chala chili m'kamwa, tsaya lake litaphwatalala pa chinthu chosaoneka. Ndipo dzanja lamanzere la a Damiyano linali litagona chagada m'mphepete mwa mpandowo, zala zitafumbata pang'ono. Dzanja lawo lamanja, la mbali ya Enelesi, linali m'thumba.

Mukuganiza kuti anachita mantha? Mantha anabwera, koma anapeza malo atatengedwa kale. Nsanje inali itafika kale. Chaka chathunthu, mwanayu sanamutsamirepo choncho. Chaka chathunthu, dzanja limenelo silinamugonerepo chagada.

Kenako munthu anayamba kuimbira m'mphuno, motsitsa, mawu a alito. Inali nyimbo imene kwaya inaisiya kalekale poti panalibenso woitsogolera.

"Amene akuimbayo asiye," anatero mayi Nachisale. Ulendo uno m'mawu mwawo munalibe nthabwala. Azimayi anayi a alito anayang'anana mu mdimawo, aliyense pakamwa ali chotseka. Nyimbo inafika kumapeto a ndime, n'kuleka yokha.

Magetsi atayaka, mipando yonse inati phwa, phwa, phwa. Wa pakati uja unatsekeka pomaliza.

Kunja dzuwa linawalasa m'maso. Anadya mabanzi ndi mazira pa kapinga, koma nthabwala zinali zitachepa, aliyense akutafuna moyang'ana pansi. Itatsala pang'ono kukwana 3 koloko, a Msukwa anawaitanira ku nyumba yomaliza, ya pansi pa lichero lalikulu. Enelesi anatsalira kukutumula nyenyeswa pa diresi, ndipo pofika pakhomo anzake onse anali atalowa. Mlonda wina, mtsikana wa chipewa, anatambasula mkono.

"Kakadi kanu, mayi?"

Enelesi anagwira pachifuwa. Panalibe. Sanamve chingwe chikuduka, sanakavule podya. Anafufuza m'chikwama, anayang'ana pa kapinga.

"Ndili ndi gulu lomweli. Amuna anga ndi awo, a shati yoyera, agwira mwanawo."

Mlonda anasuzumira mkati, n'kumuyang'ananso Enelesi kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Bambo awo? Akazi awo alowa kale."

"Mwati bwanji?"

"Alowa limodzi, mwana ali pakati. Pepani mayi, ine ndimangoona makadi."

"Akazi awo ndine! Ndine! Kawafunseni!"

Mawu ake anakwera mpaka a Msukwa anatuluka, n'kumupepesa, n'kumulowetsa okha. Kwaya yonse inali itamva. Palibe anamuseka, ndipo kusasekako kunamupweteka kuposa chiseko.

Chipindacho chinali chodzaza ndi makompyuta ndi timagetsi tophethira. Pakhoma panapachikidwa zimkuzamawu ziwiri. Pakona panali kachipinda kagalasi, kokwana munthu mmodzi, mkati muli maikolofoni ndi batani lofiira.

"Ikangokwana 3 koloko," anatero a Msukwa, "setilaiti yathu idutsa pamwamba pa phiri lino. Ndi kabokosi kosaposa chidebe cha madzi, ndipo ikhala mphindi khumi zokha isanalowe kuseri kwa dziko. Lichero lalikulu liziitsata. Wofuna alowa umu, atseka chitseko, adina batani, alankhula. Mawu anu akwera kupitirira mitambo, kupitirira kumene ndege zimalekezera, kenako..."

Mnzawo wina wa pa kompyuta anawakodola mwachangu, ndipo anapita asanamalize. Kunja chitsulo chinayamba kubuula, lichero likutembenuka.

A Damiyano ananjuta pafupi ndi mwana wawo. Ankalankhula motsitsa, koma khutu la nsanje limamva ndi nyerere yomwe. "Tikalowa tonse awiri. Tikawauza amayi kuti tafika kumene ankafuna kuja."

"Zoona," anatero mayi Nachisale, akupukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Ulendo uno anauyambitsa ndi malemu. Tikamadutsa m'munsimu popita kokaimba, ankaloza malicherowa, amvekere tsiku lina tidzakwere tikaone chimene amapeta." Anatembenukira kwa Enelesi, nagwira mkono wa diresi yake, akuipekesa ndi zala. Mwina sanafune choipa, pakamwa pawo pankangotsogola. "Ndi nsalu iyi tinakagula limodzi ndi malemuwo. Ankati adzavala tsiku lobwera kuno. Yakukhala bwino, mwanawe. Bola sinawole m'sutikesi."

Enelesi anamva ngati diresi yonse yasanduka chitedze. Ndiye kuti ulendowu sunali wake. Nsaluyi sinali yake. Iye anali chopachikira chabe, choyendetsera nsalu ya mwini kuti ifike kumene mwiniyo ankafuna. Anayang'ana mwamuna wake, mwamunayo anayang'ana pansi.

Kagetsi ka pamwamba pa kachipinda kagalasi kanasanduka kobiriwira. Enelesi sanadikire munthu. Anadutsa pakati pa anzake, analowa, anatseka chitseko. Phokoso lonse la kunja linaduka, anangoona milomo ikuyenda. Kupitirira mitambo, anatero a Msukwa. Kupitirira kumene ndege zimalekezera. Kutali kotero munthu angabwerereko? Anafulatira gulu, anadina batani, anayandikitsa pakamwa.

Dzinali anali asanalitchulepo chilowereni m'nyumba ija. Linatuluka lolemera.

"Likisina. Likisina, ndikunena iwe. Unafa. Nyamuka upite kumene mawu anowa akupita, usabwerenso. Nyumba ndikusesa ndine, mwana ndikusambitsa ndine, mwamuna ndi wanga. Watikwana. Likisina, wandimva?"

Anasiya batani. Mtima unapepuka ngati watula mtolo wa nkhuni. Anatuluka mutu uli m'mwamba, n'kupeza a Msukwa abwerera.

"Aa, mayi alankhula kale? Palibe kanthu. Ndimati ndimalize kufotokoza. Setilaiti imeneyi ili ngati chinkhwe. Imasunga zimene yamva, pakapita kamphindi n'kuzibweza pansi. Ndiye tikhale chete, timva tonse mawu a mayiwa akuchokera kuthambo." Analoza zimkuzamawu zija.

Enelesi anayang'ana zimkuzamawuzo. Tonse? Mayi Nachisale, Esinta, azibambo a besi, mwamuna wake, mwana? Anatseka maso kudikira manyazi ake agwe kuchokera kumwamba.

Zimkuzamawu zinayamba kusokosa, waaa, ngati mvula ikubwera pa malata a kutali. Phokosolo linakula, kenako linang'ambika pakati.

"Ee?"

Sanali mawu a Enelesi. Anali mawu a mayi, apansi, opuma pang'ono, momwe amayankhira munthu amene wamuitana ali kuseri kwa nyumba manja ali m'beseni. Panamveka madzi akudontha. Panamveka manja akupukutidwa pa nsalu. Kenako patapata, phya, phya, phya, wosafulumira, akuchokera kutali, akuyandikira.

"Ee?" Ulendo uno pafupi.

Mlendo wathu uja mwamuona tsopano. Wakufa sungamupirikitse osamutchula, ndipo kutchula ndiko kuitana. Enelesi anaitana katatu, n'kufunsanso ngati wamveka.

Ena mwa amene analipo amati mapaziwo anathera m'zimkuzamawu momwemo. Ena amati ayi, atatu omaliza anamveka pa simenti. Chimene onse amagwirizana n'chakuti azimayi a alito anagwirana manja osauzana, Esinta anaphimba mimba yake ndi chikwama, ndipo Zaithwa anaseka. Anaseka kuseka kwa mwana amene waona munthu akutsika basi.

"Mwina ndi wailesi ina yalowerera," anatero a Msukwa, akudina apa ndi apo. "Zimachitika nthawi zina." Mnzawo uja anapukusa mutu, akuloza pa kompyuta. A Msukwa anawerama, anayang'anitsitsa, anaweramuka pang'onopang'ono. "Mawu anakwera, zikuoneka apa. Koma amene atsikawa si omwewo. Mayi, pepani, munanena chiyani m'menemuja?"

A Damiyano anali atavula chipewa, atachigwira pachifuwa ndi manja onse awiri.

"Nambewe," anatero, "waitana ndani?"

"Sindinaitane munthu, bambo a Zaithwa. Ndimawauza kuti apite."

"Unawatchula?"

Kunja lichero linabuula komaliza n'kuima. Kagetsi kobiriwira kanazima. Panalibe wina analowa m'kachipinda kaja, ngakhale a Msukwa anati mwezi wamawa adzabwerenso, adzayesere. Mayi Nachisale, kwa nthawi yoyamba chibadwire, anatuluka m'nyumba osatsanzika.

Pafupi ndi kosita, anthu akukwera mmodzimmodzi, a Damiyano anamuimitsa Enelesi pambali. Iye anakonzeka kukalipiridwa. Akanakonda kukalipiridwa, pakuti mwamuna amakalipira wake. Koma nkhope imene anaiona inali yowala, yosalala, ngati ya munthu amene wadya n'kukhuta patapita masiku ambiri. Chaka chonse Enelesi anaphika, anakazinga, anasinja, kufuna nkhope imeneyo.

"Loweruka sindipita," anatero a Damiyano.

"Bambo a Zaithwa, mukudziwa zimene ananena malume."

"Ndikudziwa."

"Ndiye mukundibweza kwathu?"

"Sindikukubweza, Nambewe. Sunandilakwire. Koma ndikawauza chiyani akuchikazi? Amasudzula munthu amene mkazi wake anapita. Wamva wekha."

"Ndi wailesi ina! Anena okha a Msukwa!"

"Zaka zisanu ndi zitatu ndakhala ndikuyankhidwa ndi mawu amenewo," anatero mofatsa. "Wailesi ndimaidziwa."

A Damiyano anakwera. Enelesi anatsala panja kanthawi, mphepo ya paphiri ikukupiza diresi imene sakanatha kuivula pamenepo. Dalaivala analiza injini, ndipo iye analowa n'kukhala pa zenera, mpando wa kutsogolo kwa mwamuna wake. Kosita inayamba kutsika. Kwaya imene popita inaimba mpaka mawu kusasa, pobwerera inangoti zii, aliyense maso pa mawondo ake.

Atatsika pang'ono, Enelesi anamva kadzanja pa bondo lake. Zaithwa anali atachoka kwa bambo ake. Anakwera yekha pamiyendo pa Enelesi, osaitanidwa, chinthu chimene anali asanachitepo. Anakhala bwinobwino, anamuyang'ana kumaso mwachifundo, n'kumupukuta tsaya ndi kachikhatho kake konunkha dzira. Kenako anafunsa ndi mawu omveka kosita yonse:

"Anti, poti amayi mwawaitana ndinu, nanga inuyo muzigona pati?"